Buledi Wachipongwe ndi Ambulera ya Apongozi

Panali nyengo ina mu Mzuzu muno imene malonda aliwonse anamera pakamwa. Ukatsegula foni m'mawa unkapeza sopo akukunyoza kuti sunasambe, simenti ikukufunsa kuti lendi udzasiya liti, nkhuku za mufiriji zikukangana ndi soseji ngati akazi a pamitala. Ngakhale bambo wina wokhoma mabokosi a maliro anatsegula peji pa intaneti n'kuyamba nthabwala, mpaka akumpingo anachita kumuyendera. Ine zinkandinyansa. Zikundinyansabe mpaka lero, ndipo palibe angandiletse kunyansidwa nazo, chifukwa kwa zaka zitatu ineyo ndinali buledi.

Kwathu ndi ku Dowa. Bambo ankagwira ntchito m'boma, anawasamutsira kuno ine ndili ku sekondale, ndipo atapuma n'kubwerera kumudzi ine ndinatsala. Ndinamaliza yunivesite, ndinavala mkanjo ndi chipewa cha ngodya zinayi chija, kenako ndinayamba kuzungulira maofesi ndi envulopu ya khaki mpaka nsapato zinatha chidendene. Ntchito imene inandipeza inali ya pa bekale ina ku Luwinga. Nthawi imeneyo yunivesite inali ikukula, aliyense wokhala ndi kamalo kuseri kwa nyumba ankamanga tizipinda ta ophunzira, ndipo ophunzira, monga mukudziwa, moyo wawo ndi buledi ndi tiyi wopanda mkaka.

Abwana anga anali munthu wabwino mtima koma wosamva za mnzake. Anaona kuti makasitomala awo onse maso ali pafoni, ndiye anauza munthu kuti awajambulire buledi wovala kapu mopendekeka, nsidze imodzi ili m'mwamba. Tsiku loyamba anandipatsa foni ya kampani nati, "Iwe wapita ku sukulu, tisekesere anthu. Malamulo ndi awiri basi. Buledi sapepesa, ndipo buledi alibe wamkulu. Kaya ndi m'busa, kaya ndi pulofesa, onse ndi anzake."

Chimene sananene n'chakuti ufa unali utakwera mtengo ndipo buledi wathu ankachepa mwezi ndi mwezi. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ine ndiye ndinali nyimboyo. Munthu akadandaula kuti buledi wachepa, ntchito yanga inali kumuyankha mpaka anzake amuseke, iye aiwale chimene anabwerera. Digiri yonse ija inathera pamenepo, kukhala pakampando kuseri kwa matumba a ufa ndi kumaganiza kuti buledi angatukwane bwanji lero.

Mwa onse olemba pa peji yathu panali mmodzi amene sankajomba. Ankadzitcha Munthu Wamba, ndipo pamalo pa nkhope anaikapo chithunzi cha ambulera yakuda yokhala ndi chigamba chobiriwira, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wofiira. Ine ndinamutcha Waambulera. Seveni koloko ikangokwana ankakhala atalemba kale, ndipo buledi ankamutchula m'Chitumbuka, a Chingwa.

"A Chingwa," analemba tsiku lina, "lero ndakufunafunani mupepala ndi magalasi awiri, sindinakupezeni. Kodi mwayamba kugulitsa pepala lokha?"

Ndinayankha kuti, "Iwe Waambulera, ine sindinachepe, pakamwa pako ndi pomwe pakula. Kayezetse kuchipatala."

Ophunzira anasekerera, anagawana, anabwera ambiri. Mawa lake iye anabweranso ndi ina, ine n'kumubwezera, mpaka anthu anayamba kudzuka kudikira ndewu yathu ngati mpira. Ndinkaganiza kuti ndi mnyamata wa chaka chachitatu amene alibe chochita. Ndisaname, ntchito yonse ija inkanditopetsa koma iyeyu yekha ankandikomera, chifukwa ena ankangotukwana pamene iye ankaganiza kaye. Tsiku lina analemba kuti buledi wathu sakufika pa zitumbuwa zophika kunyumba, ndipo ine mosaganiza ndinati, "Ndiye ukutivutiranji? Pita akazi ako akakuphikire, ngati alipo amene anakulola." Anthu anaseka kwambiri tsiku limenelo. Iye anakhala chete masiku awiri, lachitatu anabwerera ndi nkhani ina, ndipo ine ndinadzitama kuti ndamugonjetsa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nthawi yomweyo ndinali pa chibwenzi ndi bambo amene ndili naye panopa, Mtumbuka wokulira ku Katoto, amene ankagwira ntchito yopima mapuloti kumene mzinda unkalowera m'tchire. Tinagwirizana zokwatirana. Mayi ake anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, bambo ake anali mphunzitsi wamkulu wopuma, ndipo nkhani za banjalo zinali m'manja mwa mlongo wa bambowo, amene onse ankawatchula kuti ankhazi, a ku Salisbury Lines. Mayi amenewa sanandifune kuyambira pachiyambi. Ankanena poyera kuti atsikana a kwa Achewa amayankhula ndi apongozi ataimirira, manja ali m'chiuno. Atalephera kumukaniza mwana wa mchimwene wawo, anagwirizana zoti kumapeto kwa mwezi thenga, amene ndi mkhalapakati wa ukwati kwa anzathuwa, adzakumane ndi amalume anga n'kukambirana za malowolo. Koma ananenetsa kuti akandipeza ndi kanthu kamodzi kokha, thengayo sapita kulikonse.

Anandiitana kwawo n'kundiphunzitsa mwambo masana onse. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana, akafika pamaso pa atatavyala, bambo a mwamuna wake, amagwada. Sawayang'ana kumaso, sadya iwo akuona, sawatchula dzina, ndipo kupatula moni sayamba nkhani. Akakhala ndi mawu amadutsira mwa wina. Ndinamvetsera zonse mutu uli pansi, ndikudziuza kuti zimenezi n'zochepa, munthu wophunzira sangalephere kugwada.

Loweruka lina kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu kosadziwika poyambira, mwamuna wanga wam'tsogolo anapita nane ku Katoto kukandionetsa kwa bambo ake. Ndinavala chitenje chatsopano, ndinagwada pafupi ndi chitseko, ndinapereka moni wa Chitumbuka umene ndinauloweza, ndipo poti maso sayenera kukwera, ndinawasiya pansi pakona. Pakonapo panali ambulera yakuda ikudontha madzi. Inali ndi chigamba chobiriwira, ndipo chogwirira chake chinali chokulungidwa ndi mphira wofiira.

Ndinayamba kudziuza kuti maambulera amafanana. Ndisanamalize kudzinamiza, bambo aja anatulutsa foni m'thumba la jekete, anakankhira magalasi pamphuno, n'kuyamba kuseka okha. Kenako anauza mwana wawo kuti, "Wona, wona wandiyankha chiyani lero. Kamnyamata ka pa bekale aka kalibe mwambo chomene, kweni mutu kali nawo. Ukuti mkamwana amagwira komweko? Tamufunse ngati akukadziwa."

Mwamuna wanga wam'tsogoloyo, amene ankangodziwa kuti ndimagwira mu ofesi, anandifunsa mosalakwa. Ine ndinayankha ndi mawu a mwana wa Sande sukulu kuti ndimangomuonera patali. Nditakweza maso pang'ono kuti ndipume, anagwera pa chithunzi cha pakhoma, cha mayi wovala duku loyera la amayi a mvano, chokhala ndi maluwa a pulasitiki m'mbali. Pamenepo ndinakumbukira zimene ndinalemba za akazi awo ndi masiku awiri aja amene anakhala chete.

Pobwerera ndinamuuza zonse. Anaseka mpaka kutsamira pa mtengo wa magetsi, misozi ili mbwembwembwe, ine ndikufuna kumuponya m'ngalande. Atafika pa nkhani ya mayi ake kuseka kunatha. Tinayenda mpaka pa siteji ya kabaza, ndipo mawu amene ananena ndi akuti, "Ankhazi asamve."

Lolemba seveni koloko Munthu Wamba analemba monga mwa masiku onse, kuti buledi wathu mphepo ya ku Mzuzu ikhoza kumuulutsa. Ndinayankha kuti, "Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha ndemanga yanu, tiyesetsa kukonza." Peji inaphulika. Ena ankafunsa ngati buledi wabadwanso mwatsopano, ena ankati walodzedwa, wina anati atsegule thumba la chithandizo. Abwana anatulukira kuseri kwa matumba a ufa foni ili m'manja, maso ali psuu.

"Ichi n'chiyani? Ndinalemba ntchito mlembi wa tchalitchi ine? Buledi sapepesa!"

Ndinawapempha kuti andisamutsire pa kauntala, kaya kokanda ufa, kulikonse. Anakana. Zoona zake sindikanawauza, chifukwa ndinkawadziwa bwino: akanawomba m'manja n'kuilemba nkhaniyo pa peji tsiku lomwelo. Ndiye ndinabwerera pakampando kanga kukachita ntchito yovuta kuposa mayeso onse amene ndinalembapo, kunyoza munthu mokwanira kuti abwana asandichotse, koma mochepa kuti Mulungu andikhululukire. Bambo aja nawo sankandithandiza. "A Chingwa mwafooka," ankalemba. "Kodi mwayamba kuopa akuluakulu?" Ndinkaluma mlomo, n'kumawerenga masiku otsala kuti thenga akumane ndi amalume.

Atatsala masiku asanu ndi atatu, abwana anaganiza nzeru zawo okha. Anaona makampani ena akupereka mphatso kwa owatsatira, ndiye anamulembera Munthu Wamba kumbali kuti wapambana buledi wa mwezi wathunthu, abwere Lachisanu adzalandire. Ine anangondiuza kuti Lachisanulo tijambula zithunzi, n'kundiveka chipewa chachikulu cha siponji chooneka ngati buledi, chokhala ndi kapu yake yopendekeka ndi nsidze ija. Ndinaimirira pafupi ndi kauntala ndikutukwana mumtima, ophunzira ali pamzere kudikira mabanzi. Chitseko chinatseguka, munthu anapinda ambulera n'kuikutumula madzi.

Ndikanatha kuthawira kumbuyo. Ndikanatha kunamizira kuti ndangobwereka chipewa. Koma maphunziro a ankhazi anali atalowa m'mawondo, ndipo mutu usanaganize, ndinapezeka ndagwada pa simenti ya ufa, manja pamodzi, maso pansi, buledi wa siponji ali pamutu.

"Dzuka iwe, ukutani?" anatero abwana, kenako anatembenukira kwa mlendo mokondwa. "Monire dada! Ndinu a Munthu Wamba? Yewo chomene pobwera. Uyu ndiye a Chingwa wanu, amene amakusambitsani chokweza m'mawa uliwonse. Mtsikana, mwaona? Simumayembekezera!"

Sindinaone nkhope yawo. Ndinangoona nsapato zawo zopolishidwa bwino zitaima malo amodzi kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kenako ndinamva mawu amodzi, "Yewo," zikomo wa Chitumbuka, ndipo nsapato zija zinatembenuka. Buledi wa mphatso anatsala pa kauntala. Abwana anayamba kundifunsa kuti alakwitsa chiyani, koma ophunzira anali atajambula kale, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mzinda wonse unali ukugawana chithunzi cha buledi wogwada. Mwana wa ankhazi anachiona, anawaonetsa mayi ake, ndipo madzulo omwewo uthenga wa ankhazi unafika wakuti thenga sapitanso kulikonse.

Abwana, Mulungu awakhululukire, anandiyimbira kundiuza kuti peji sinayendepo bwino chotere chiyambire.

Ndinalira, ndinakwiya, ndinalira kachiwiri. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ankhazi sankanama. Ndinawatukwanadi bambo aja, miyezi yambiri, pamaso pa anthu masauzande, ndiponso ndinawanamiza m'nyumba mwawo nditagwada. Ndinaimbira amalume ku Dowa. Anamvetsera nkhani yonse kawiri, kenako anafunsa kuti, "Tsono wawatukwana ndani, iweyo kapena buledi?" Ndisanayankhe anati madzi akatayika saoleka, koma nkhuku imathandiza. Anakwera basi ndi tambala wamkulu m'dengu.

Tinakumana ku Katoto Lamlungu masana. Amalume ndi thenga anakhala pamipando, bambo aja pampando wawo pafupi ndi windo, mwana wawo pakona ngati wobwera kudzamva chigamulo cha khoti, ine pamkeka pafupi ndi chitseko, moyang'anizana ndi ambulera ija. Ankhazi anabwera okonzeka. Anali atauza mwana wawo kuti akopere m'kope mayankho anga onse kuchokera pafoni, ndipo anaimirira n'kuyamba kuwerenga limodzi limodzi ndi mawu owerengera Baibulo pamaliro.

"Iwe Waambulera, pakamwa pako ndi pomwe pakula." Anatembenuza tsamba. "Iwe Waambulera, mano ako ndi amene atha, usanamizire ine." Thenga anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Amalume anayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka. Ankhazi anapitiriza mosasekerera, mpaka anafika pa mawu aja akuti apite akazi awo akawaphikire ngati alipo amene anawalola. Kutsokomola konse kunatha. Ngakhale tambala m'dengu anakhala chete.

"Ndi ameneyu," anatero ankhazi potseka kope, "amene mukufuna alowe m'nyumba ya malemu mulamu wanga."

Amalume anapepesa mwaulemu wonse wa kwathu, anati mwana ndi wawo, kulakwa ndi kwawo, n'kukankhira dengu patsogolo. Kenako onse anadikira mwini nyumba. Bambo aja anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, ndipo poti mwambo suwalola kuyankhula ndi ine, anayankhula ndi thenga.

"Muwauze a kwa mkamwana kuti nkhukuyi ndalandira, kweni ndalandirira mawu amodzi pera, aja okhudza mama wa ana anga. Amenewo anandipweteka, sindinadye tsiku limenelo. Enawo alongo anga awerenga mbali imodzi. Akanawerenganso zanga, mukanaona kuti woyamba ndinali ine tsiku lililonse." Anavalanso magalasi. "Chimwalirire mama, m'nyumba muno aliyense amangoti yewo dada, yewo dada. Ndinganene kuti dzuwa latuluka kumadzulo, yewo dada. Amene ankanditsutsa anali mama, ndiye kenako chingwa ichi. A thenga, ulendo wanu uli pomwepo."

Ankhazi anayesa kunena kuti ndiye ntchitoyo ndiisiye. Iwo anangoti ntchito ya mwana wa eni sailowerera. Ine pamkeka paja misozi inkagwera pachitenje, ndipo sindikanatha ngakhale kunena zikomo, poti mkamwana sayamba nkhani.

Ukwati unachitika. Ntchito sindinasiye, chifukwa ina panalibe, ndipo ndinapitiriza kutukwana ophunzira m'dzina la buledi amene ankachepabe. Koma Munthu Wamba sanalembenso. Anthu ankafunsa kuti Waambulera ali kuti, abwana ankandiimba mlandu kuti ndathamangitsa kasitomala wofunika, ine ndinkati bola, mtima ukhale m'malo. Komabe seveni koloko ikakwana ndinkapezeka ndikuyang'ana pafoni ngati munthu wodikira basi imene anauzidwa kale kuti sibwera.

Patapita miyezi inayi, Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi tinapita ku Katoto monga tinkachitira. Ndinawaphikira tiyi, ndinadula buledi amene ndinabwera naye kuchokera kuntchito, ndinalowa naye pathireyi n'kugwada pafupi ndi tebulo. Iwo sanandiyang'ane. Ananyamula kagawo kamodzi, anakatembenuza uku ndi uku, anakaika pansi, n'kutulutsa foni. Ndikubwerera kukhitchini, foni ya kampani inanjenjemera m'chikwama.

"A Chingwa, lero mwandipeza kunyumba kwanga, ochita kubwera ndi ulemu wonse. Kweni kukula simunakulebe."

Ndinauwerenga uthengawo nditaima pafupi ndi mbaula. Ndinakwiya, ndikuuzeni zoona. Munthu wamkulu, mphunzitsi wopuma, amene anandigwetsa pansi pamaso pa mzinda wonse, amene anadya tambala wa amalume anga, tsopano akufuna ndimutukwane ndili m'khitchini mwake, alongo ake ali pakhonde. Ndinalemba kuti, "Iwe Waambulera, pali wina akukulera bwino kwambiri, n'chifukwa chake wayamba matama. Idya ukhale chete."

Kuseri kwa khoma kunamveka kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka kunasanduka chifuwa. Ankhazi anafunsa ali pakhonde kuti kwagwanji. Nditadikira pang'ono ndinapita kukatenga makapu, ndinagwada, maso pansi. Iwo anayang'ana pawindo nati, "Yewo, mkamwana."

Mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, mawu amene anandiyankhulapo pamaso sanapitirire awiri amenewo. Ena onse ali pa peji ya buledi, ndipo bekaleyo ngakhale inatsekedwa kalekale, pejiyo sindinalole kuti aifufute.